BLOKE MODISANE, MTCHONA WA KU SOPHIATOWN AMENE ANALEMBA KANEMA WA MUNTHU WA KU MGODI

Anzanga a m'makomponi, pamene tionera kanema maso athu onse akhala pa munthu mmodzi yekha, uja wogonjetsa adani ake ndi kutenga mkazi wokongola pa mapeto. Madala amene anagwira ntchito m'migodi kale asimba kuti masiku a bayisikopo ya pabwalo la komponi, Mzungu ali yense wokwera pa kavalo ndi kuomba mfuti anali kumutcha Jack, chinkana dzina lake likhale lina. Koma pambali pa Jack pakhala anthu ena: wogwira kavalo, msilikali woima pa chipata, wantchito wobwera ndi tiyi. Amenewa alankhula mau awiri kapena atatu nachoka, ndipo palibe afunsa kuti kodi uyu ndani, nanga kwao nkuti. Aliponso wina amene sitimuona konse, ndiye wolemba nkhani, amene akonzera munthu ali yense mau oti anene.

Sabata ino ndifuna kukusimbirani za munthu amene anagwira ntchito ziwiri zonsezi, yolemba ndi yoima pambali. Dzina lake lenileni ndi William Modisane, koma anthu anamdziwa ndi dzina lakuti Bloke. Ndasankha iyeyu chifukwa chithunzi chachikulu chimene anathandiza kulemba chiyambira pa mgodi wa golide, ndipo mwini nkhani m'menemo si Jack ai, koma munthu wakuda wochoka kumudzi chifukwa cha njala, monga anachokera atate ndi agogo a ambiri a ife.

MWANA WA KU SOPHIATOWN

Bloke Modisane anabadwa pa 28 August 1923 ku Sophiatown, kumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg. Malo amenewa anali osiyana ndi malokeshoni ena. Mzungu wina dzina lake Herman Tobiansky anagula dziko limenelo mu 1897 nalitcha dzina la mkazi wake Sophia. Azungu anzake sanafune kugula mapuloti chifukwa akuluakulu a mzinda anamanga pafupi pomwepo malo otayira zonyansa, tsono iye anayamba kugulitsa kwa ali yense wokhala ndi ndalama. Motero munthu wakuda anatha kukhala ndi nyumba yakeyake ndi kalata wa malo, popanda mpanda wa waya, popandanso kapitao wa boma pa chipata. Anthu anadzaza kufikira kuti pa bwalo limodzi panali mabanja ambirimbiri otunga madzi pa mpopi umodzi. Munali aphunzitsi, abusa, oimba, Amwenye ndi Matchaina a masitolo, ndiponso atsotsi a mipeni.

M'buku la moyo wake Modisane asimba zinthu ziwiri za atate ake, a Joseph Modisane, zimene sizinachoke mumtima mwake. Choyamba ndi ichi. Tsiku lina apolisi anabwera kudzafunsa mapasi, ndipo mnyamata anaona atate ake, munthu wamkulu amene iye anali kumuopa ndi kumlemekeza, akunyozedwa ndi kapolisi ka Chizungu kochepa msinkhu, iwo nangodzichepetsa osayankha kanthu. Kuyambira tsiku limenelo mwana sanathe kuwayang'ana atate ake monga kale. Inu achinyamata anzanga amene simunagwirepo pasi, funsani madala akuuzeni. Kabuku kameneko kanali kusandutsa bambo wa ndevu kukhala kamwana pamaso pa ana ake omwe.

Chachiwiri nchoopsa koposa. Atatewo anamenyedwa ndi munthu wina amene anakangana naye, namwalira, William akali mwana wa sukulu. Pa tsiku la maliro kunaoneka kuti pa bokosi panalembedwa dzina lolakwa. Wolembayo, m'malo molemba Joseph, analemba William, ndipo mnyamata anaona dzina lake lomwe likutsikira m'manda. Ine ntchito yanga ndi ya umabalane, tsiku lonse ndikhala ndikulemba maina ndi manambala a anthu, ndipo nkhani imeneyi inandilasa mtima. Chaka chatha ndinasinthanitsa manambala awiri pa pepala la munthu wina, ndalama zake nizichedwa masabata atatu kufika kwa mkazi wake kumudzi, ndipo mpaka lero ndikakomana naye ndichita manyazi. Nanga kulakwa dzina pa bokosi la maliro?

Mlongo wake wamng'ono nayenso anamwalira ndi matenda a kusowa zakudya. Amai ake, pofuna kulera ana otsala, anatsegula shabini. Masiku amenewo munthu wakuda sanaloledwe kugula mowa wa Chizungu, ndipo lamulo limenelo linakhalapo kufikira 1962. Ngakhale kufulula mowa ndi kugulitsa pa nyumba unali mlandu. Akazi anali kukwirira zigubu pansi, ana naima m'mphambano za miseu kuti akaona galimoto la apolisi achenjeze. M'nyumba yotere ndimo anakulira Modisane, kumva akuluakulu akutsutsana za dziko ali ndi chikho m'manja.

Sukulu yake ina inali bayisikopo. Mu Sophiatown munali nyumba ziwiri za kanema, Odin ndi Balansky, ndipo anyamata anali kutengera zonse za m'zithunzi za ku America: zipewa, majekete, kayendedwe, ngakhale kagwiridwe ka ndudu. Gulu lina la atsotsi linadzitcha Americans. Chithunzi cha 1948 chotchedwa The Street with No Name, m'mene Richard Widmark anali mkulu wa zigawenga, anyamata anachionera kambirimbiri kufikira kuloweza mau ake. Dzina lakuti Bloke nalonso linachokera ku nthano za Chingerezi, mabuku a Leslie Charteris onena za munthu wotchedwa The Saint. Atakula anapeza ntchito pa sitolo ya mabuku ya Vanguard mu tauni, ya mai wina wa Chizungu, Fanny Klenerman, ndipo pomwepo anawerenga mabuku amene ndalama zake sizikanatha kugula.

KU DRUM

Mu 1951 inayamba magazini yotchuka ija ya Drum, ndipo chaka chomwecho inasindikiza nthano ya Modisane yotchedwa The Dignity of Begging. Ndi nkhani ya munthu wopunduka amene aona kuti kupemphetsa m'miseu ya Johannesburg kumpindulira koposa ntchito imene akuluakulu afuna kumpezera. Owerenga anaseka, koma m'kusekamo munali mbola, pakuti ali yense anadziwa malipiro a munthu wakuda masiku amenewo. Pambuyo pake analowa ntchito pa Drum pomwepo ndi pa nyuzipepala inzake ya Golden City Post, kumene analemba za nyimbo za jazi. Anzake pa ntchito anali Henry Nxumalo, amene mu 1952 anaulula nkhanza za m'mafamu a mbatata ku Bethal, Can Themba, Todd Matshikiza, Ezekiel Mphahlele, ndi mnyamata wochokera ku Natal, Lewis Nkosi.

Modisane anali munthu wokonda kutchena. Kachipinda kake ka ku Sophiatown anakatcha Sunset Boulevard, dzina la ku Hollywood, ndipo m'menemo anali kuliza malekodi a nyimbo za ku Ulaya ndi kulandira alendo akuda ndi oyera omwe, chinthu chimene boma silinakondwe nacho. Iye mwini anadzavomera pambuyo pake kuti zambiri za izi zinali ngati chophimba kumaso chimene anavala kuti Azungu amuyese munthu. Tinganene kuti ntchito ya sewero anaiyamba asanakwere pa nsanja iri yonse.

Nthawi yomweyo Sophiatown anali kufa. Pa 9 February 1955 apolisi 2,000 anafika m'mamawa ndi malole nayamba kusamutsa anthu kunka nao ku Meadowlands. Nyumba zinagwetsedwa msewu ndi msewu kwa zaka zingapo, ndipo pa mabwinjapo anamangapo nyumba za Azungu natcha deralo Triomf, ndiko kunena kupambana.

SEWERO LA TSIKU LA MALIPIRO

Mu August 1958 Modisane anakwera pa nsanja yeniyeni. Mzungu wachinyamata, Athol Fugard, amene anagwirapo ukalaliki pa khoti la milandu ya mapasi, analemba sewero lotchedwa No-Good Friday, ndipo analionetsa mu holo ya Bantu Men's Social Centre. Mwa amene anayambitsa holo imeneyi munali Mbusa Ray Phillips wa ku America, yemwe uja anayambitsa zoonetsa bayisikopo m'makomponi a migodi m'zaka za 1920.

Nkhani ya seweroli inu mungaimve msanga. Lachisanu liri lonse, anthu akalandira malipiro, mkulu wa atsotsi dzina lake Shark afika ndi anyamata ake kudzatolera ndalama, akuti ndi msonkho woti awateteze, chikhalirecho woopsayo ndi iye yemwe. Tobias, mlendo wongofika kumene kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito, sadziwa mwambo umenewu. Akana kupereka, ndipo amupha pamaso pa anthu. Chotsala nchakuti kodi alipo mmodzi wolimba mtima wokanena zimene waona. Modisane ndiye anali Shark, Tobias anali Ken Gampu, ndipo mmodzi wa anyamata a Shark anali Zakes Mokae. Awiri otsirizawa anadzatchuka kwambiri pa zamasewero. Mwana wa m'shabini sanasowe womphunzitsa m'mene tsotsi aimira ndi m'mene alankhulira.

Pamene seweroli linakaonetsedwa kwa Azungu ku Brooke Theatre, Fugard, amene anali kusewera ngati wansembe, sanaloledwe kuima pa nsanja imodzi ndi anthu akuda. Lewis Nkosi ndiye anavala mkanjo wa wansembe usiku umenewo.

MZUNGU WA KU AMERICA NDI MAKINA AKE

Tsono tifike pa ntchito yaikulu ya moyo wake. Mu 1957 munafika mu Johannesburg Mzungu wa ku New York dzina lake Lionel Rogosin. Iye anali atadziwika kale ndi chithunzi chake cha 1956, On the Bowery, choonetsa moyo wa zidakwa zosauka za mu mzinda wa kwao, m'mene osewera anali anthu enieni a pamsewupo. Tsopano anafuna kuonetsa dziko lonse m'mene apartheid, lamulo lija la tsankho, linali kudyera anthu. Koma mlendo ndi mlendo. Makina anali nao, ndalama anali nazo, nkhani ndiyo analibe. Anatha miyezi yambiri akungoyenda ndi kumvetsera, kufikira anakomana ndi Modisane ndi Lewis Nkosi. Awiriwa ndiwo anamlowetsa m'mashabini ndi m'mabwalo a nyumba za ku Sophiatown, kumene Mzungu payekha sakanamva kanthu, ndipo atatuwa anakhala pansi nalemba nkhani ya Come Back, Africa. Dzinali analitenga ku mfuu ya pa misonkhano ya African National Congress, yoitana Africa kuti abwerere kwa eni ake.

Kalembedwe kao nkofunika kukamvetsa. Sanalembe mau onse kuti wosewera aloweze pamtima, monga achitira ku Hollywood. Analemba mafupa okha a nkhani: pano munthu apempha chilolezo cha ntchito, pano achotsedwa ntchito, pano apolisi agogoda usiku. Mnofu wake anasiyira osewera. Ndipo osewerawo sanali anthu ophunzira za sewero. Anafunafuna m'mizere ya anthu odikira basi ndi sitima kufikira anapeza Mzulu wina wa nkhope yofatsa, Zachariah Mgabi, amene anali asanaseweremo chibadwire. Anali kungomuuza kuti, zakugwera ndi izi, tsono nena monga ukananenera. Popeza zinali zinthu zogwera munthu wakuda ali yense mu mzindamo, mau anabwera okha, ena m'Chizulu ena m'Chingerezi chothyokathyoka. Nzeru imeneyi ine ndiitama. Munthu wowerenga mabuku ngati Modisane, wodziwa Chingerezi choposa cha Azungu ambiri, analola kuti mau a munthu wamba akhale patsogolo pa ake. Ife amene tinaponda pang'ono m'kalasi tidziwa kuti kutero nkovuta.

Panalinso vuto la boma, limene silikanalola chithunzi chotere. Rogosin anauza akuluakulu kuti afuna kujambula nyimbo ndi magule, kuti a maiko a kunja aone kuti anthu akuda a mu Johannesburg ali okondwa. Ndicho chifukwa chake m'chithunzimo muli tianyamata tambiri toliza zitoliro za kwela m'miseu. Apolisi poona makina analoza pa ana oimba sanaganize kanthu. Anajambula mu 1958 ndi kagulu ka anthu owerengeka, ndipo mafilimu anali kuwatumiza kunja asanagwidwe, nakawalumikiza ku New York.

Chithunzi chiyamba ndi m'mawa wa mu Johannesburg, sitima zikukhuthula anthu zikwizikwi othamangira ku ntchito. Kenaka tifika pa mgodi. Tiona anthu atsopano akuphunzitsidwa kugwira fosholo, onse pamodzi monga asilikali pa perete, ndipo tiwaona akuyenda pansi mu mdima, nkhope zosaoneka koma nyali za pa zipewa zokha. Ine ndigwira ntchito pamwamba, koma pamenepa ndinakhala duu, pakuti ndinali ndisanaganizepo kuti zimene anthu athu aziona tsiku ndi tsiku zingakhale m'kanema.

Zachariah wachoka ku Zululand chifukwa cha njala. Aona kuti ndalama za pa mgodi sizikwana kudyetsa banja, ndipo afuna ntchito mu tauni, koma pasi yake imtsekera njira. Atavutika napeza chilolezo, alowa ntchito ya m'nyumba kwa dona wina waukali. Tsiku lina ataya msuzi wa bowa posadziwa kuti ndi chakudya, dona namkalipira ngati galu, ndipo posakhalitsa ntchito itha. Chodabwitsa nchakuti amene anasewera ngati dona ameneyu, Myrtle Berman, kunja kwa chithunzi anali mmodzi wa Azungu odana ndi tsankho ndi bwenzi la olembawo. Kuchoka apo Zachariah ayesa pa galaja, ayesa pa hotela, ayesa ntchito yokumba msewu, ndipo pali ponse mlandu wa wina kapena bodza la wina ligwera iye. Mkazi wake Vinah amtsatira ndi ana, nakhala m'kachisakasa ku Sophiatown pakati pa nyumba zogwetsedwa. Mabwinja amene muona m'chithunzimo si opanga ai, ndi Sophiatown weniweni akugwa. Vinah apeza ntchito kwa Azungu, ndipo usiku wina mwamuna wake agona m'kachipinda kake kuseri kwa nyumba ya bwana. Apolisi agogoda namgwira, pakuti mwamuna analibe chilolezo chogona ndi mkazi wake yemwe m'dera la Azungu. Potuluka m'ndende apeza mkazi wake ali gone, wophedwa ndi tsotsi Marumu amene anadana naye kale. Chithunzi chithera pomwepo, Zachariah akumenya tebulo ndi nkhonya ndi kulira.

Koma gawo limene anthu alikumbuka koposa ndi la mu shabini. Zachariah akhala pambali, mlendo wa kumudzi, akumvetsera anyamata ophunzira a mu tauni akutsutsana. Anyamatawo ndiwo Can Themba, Lewis Nkosi, Bloke Modisane ndi anzao, ndipo sakusewera ngati anthu ena, akungokhala monga anali kukhalira masiku onse. Akamba za chimene chisandutsa mwana wa munthu kukhala tsotsi, akambanso moseka za Azungu achifundo amene aitanira munthu wakuda ku tiyi koma osafuna kuti zinthu zisinthe msanga. Themba ndiye alankhula kwambiri. Modisane aponyapo mau apa ndi apo. Pakati pa mkangano alowa mtsikana wa zaka 26 naimba nyimbo ziwiri, onse nakhala chete. Mtsikanayo ndiye Miriam Makeba.

Kunena zoona chithunzichi chiri ndi zilema zake. Ena mwa osewera aoneka ouma, ndipo pena nkhani ithamanga pena ikokakoka. Koma mu 1959 chinaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha makanema ku Venice, mu Italy, nichilandira mphotho ya olemba nkhani za kanema a dziko limenelo. Rogosin anamtengera Makeba ku Venice komweko, ndipo ulendo umenewo ndiwo unamtsegulira njira ya ku London ndi ku America. Ku New York chinayamba kuonetsedwa mu April 1960, patangopita masabata owerengeka apolisi ataombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March, pa nkhani yomweyo ya mapasi. Mu South Africa munapita zaka pafupifupi 30 anthu asanaloledwe kuchiona poyera.

UTCHONA

Kwathu munthu wopita ku Joni osabweranso timutcha mtchona, ndipo timnena ngati wotaya abale ake dala. Koma alipo matchona ena amene khomo linawatsekekera kumbuyo. Mu 1959 Modisane anachoka m'dziko popanda chilolezo cha boma, nadzera ku Bechuanaland, dziko limene lero ndi Botswana, kufikira anafika ku London. Sanapondenso kwao.

Poyamba zinaoneka ngati ziyenda. Mu 1961 anasewera mu The Blacks, sewero la Jean Genet wa ku France, pa Royal Court Theatre. Mu 1962 anali nao pa msonkhano wa olemba mabuku a mu Africa ku Makerere, mu Uganda, pamodzi ndi Chinua Achebe ndi Wole Soyinka a ku Nigeria. Mlakatuli wakuda wa ku America, Langston Hughes, anali bwenzi lake lolemberana naye makalata. Mu 1963 linatuluka buku la moyo wake, Blame Me on History, limene liyamba ndi iye akuyenda m'mabwinja a Sophiatown. Si buku lodzitama. Asimbamo za mowa, za akazi, za mantha ake ndi za kulephera kwake pa banja, zinthu zimene ambiri a ife tikanabisa. Mu 1966 boma la South Africa linaliletsa, ndipo dzina la Modisane linalowa m'ndandanda wa anthu amene mau ao sanaloledwe kusindikizidwa m'dzikomo.

Buku silidyetsa munthu chaka chonse, makamaka ngati anthu a kwanu saloledwa kuligula. Tsono anadalira timaganyu ta pa wailesi ndi ta m'makanema, ndipo apa mpamene munthu amene analemba nkhani ya Zachariah anasanduka wonena mau olembedwa ndi ena. Masiku amenewo ku England munthu wakuda m'kanema kawirikawiri anali msilikali, wantchito, kapena mmodzi wa khamu lofuula. Mu 1964 Modisane anaoneka mu Guns at Batasi, nkhani ya asilikali a Chingerezi m'dziko lopeka la mu Africa longolandira kumene ufulu. Africa ameneyo anamjambulira ku England komweko, ku Pinewood. Richard Attenborough analandira mphotho chifukwa cha chithunzi chimenechi, koma dzina la Modisane silinalembedwe nkomwe pa maina a osewera.

Gawo lake lalikulu linabwera mu 1968, mu Dark of the Sun, chimene ku England anachitcha The Mercenaries. Nkhani yake inachokera m'buku la Wilbur Smith, Mzungu wobadwira ku Northern Rhodesia, ndipo ndi ya asilikali aganyu okwera sitima ya pamtunda mu Congo kukapulumutsa anthu ndi kukatenga miyala ya dayamondi pa nthawi ya nkhondo. Congo ameneyo anamjambulira ku Jamaica. Jack wa m'chithunzichi ndi Rod Taylor, amene ali Kapiteni Curry, ndipo mnzake wapamtima ndi Sajeni Ruffo, ndiye Jim Brown, katswiri wa mpira wa ku America. Modisane ndi Kopolo Kataki, woyenda pambuyo pao ndi kulandira malamulo. Chithunzichi nchodzaza mwazi, ndipo anthu a mu Congo oukira boma aonetsedwa ngati zirombo zopanda nzeru. Ndidzifunsa kuti munthu amene anakhala pansi ndi Rogosin kuonetsetsa kuti wa ku mgodi aoneke monga munthu, anamva bwanji mumtima poima pakati pa zimenezi. Komabe cha kumapeto, Curry atapha mdani wake mwankhanza pobwezera imfa ya Ruffo, ndi Kataki amene amuonetsa kuti chimene wachita nchonyansa. Ndi kanthawi kochepa, koma Modisane akagwira bwino, mofatsa, wosakweza mau.

Mu 1973 anaonekanso mu Black Snake, chithunzi cha Russ Meyer chonena za akapolo a m'minda ya nzimbe ku zilumba za West Indies. Sichinali chithunzi chabwino, ndipo sindidzataya nacho nthawi yanu.

Anzake a ku Drum nawonso anamwazika. Nat Nakasa anafera ku New York mu 1965 akali mnyamata. Can Themba anafera ku Swaziland. Todd Matshikiza anafera ku Lusaka mu 1968. Lewis Nkosi anaphunzitsa zaka zingapo pa University of Zambia, ndipo iye ndi Miriam Makeba anakhala ndi moyo kufikira kuonanso kwao. Makeba anabwerera mu 1990. Modisane anasamukira ku West Germany, namwalira mu mzinda wa Dortmund pa 1 March 1986 ali ndi zaka 62. Dortmund nawo unali mzinda wa migodi ya malasha ndi ng'anjo za chitsulo. Patangopita miyezi yowerengeka, m'chaka chomwecho, boma la South Africa linathetsa malamulo a mapasi, ndipo buku lake linasindikizidwa mu Johannesburg.

Mu 2006 dzina lakuti Triomf linafafanizidwa ndipo deralo linatchedwanso Sophiatown. Nyumba zakale pafupifupi zonse zinapita, koma tchalichi cha Christ the King, chimene Bambo Trevor Huddleston anatumikirapo, chikalipo pa chitunda chake. Come Back, Africa anachikonzanso bwino ndipo masiku ano chipezeka. Mukachipeza itanani anzanu a m'chipinda muonere pamodzi, makamaka madala, pakuti iwo adzakuuzani zambiri za fosholo ija ndi za pasi. Mukafika pa shabini muyang'anitsitse amuna okhala mozungulira aja. Mmodzi wa iwo ndiye Modisane, ali ndi zaka ngati 35, kutatsala miyezi yowerengeka kuti achoke kwao.